Timu yanu ya m'mudzi ikhale kalabu yodziwika ku boma: njira yake nayi

Ngati m'mudzi mwanu muli timu ya mpira, kaya wamiyendo kaya wa ntchemberembaye, kapena kagulu ka zisudzo, kwaya, ngakhale anyamata okumana pansi pa mtengo wa mango kumasewera bawo, gawo lovuta munathana nalo kale. Kusonkhanitsa achinyamata kuti azibwera okha mlungu ndi mlungu, popanda wowalonjeza alawansi kapena fanta ndi banzi, si chinthu chapafupi. Chimene chakutsalirani ndi pepala. Boma silipereka mipira, maphunziro a ntchito zamanja kapena ngongole kwa "anyamata a pa galaundi paja". Limafuna dzina la gulu, mayina a anthu, siginecha ndi chidindo. Ine ndine patironi wa kalabu ya achinyamata kuno ku Mulanje, chigawo cha pakati pa Chitakale ndi Likhubula, ndipo ndikufuna ndikulondolereni momwe tinayendera ife, kuti musamangomva pa wailesi kuti anzanu a kwina alandira.

Musanaganize zokwera kabaza kupita ku boma, khazikitsani kaye masewerawo. Kwathu kuno malo ndi ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje lokha, ndipo nthaka yabwino yambiri ili ndi tiyi. Simudzapeza mfumu yokhala ndi thengo longokhala loti ikupatseni. Mabwalo alipo ndi a sukulu, a mpingo ndi a esiteti. Pitani kwa ahedi a sukulu ya pulayimale ya pafupi, mutenge munthu mmodzi wa komiti ya sukulu, mugwirizane masiku ndi maola, ndipo mulembe. Musapite manja lende kukangopempha. Nenani kuti udzu muzitchetcha ndinu, magolo akathyoka muzikonza ndinu, ndipo pa tsiku la mpikisano muziika anthu oyang'anira kuti owonerera asalowe m'makalasi kapena kuswa magalasi. Ahedi ambiri amakana chifukwa cha magalasiwo, osati chifukwa chodana ndi mpira. Bwalo la esiteti limafuna kalata yopita kwa manijala, ndipo kalatayo imayenda msanga ngati wina mwa osewera anu kapena kholo lake limagwira ntchito komweko.

Za nthawi, yang'anani kalendala ya kwathu, osati ya m'tauni. Mvula ikayamba tiyi amaphuka kwambiri, ndipo kuyambira Disembala mpaka cha m'ma Epulo theka la timu yanu limakhala likuthyola tiyi kuyambira m'mamawa, ena ali ku munda. Munthu amene wasenza dengu tsiku lonse simungamuuze kuti abwere ku tirening'i 2 koloko. Ife tinasankha Lachitatu 4 koloko ndi Lamulungu anthu akaweruka ku tchalitchi. Tsiku la msika lipeweni, atsikana sabwera chifukwa amakhala akugulitsa chinanazi, nthochi kapena mandasi. Ligi yanu ya midzi iyambe mu Meyi anthu atakolola, ngakhale chiperoni chizikuvutitsani masiku ena, ndipo ithe mvula isanagwe.

Nkhani ya atsikana ndiyikhalirepo pang'ono, chifukwa makalabu ambiri amagwera pomwepa. Kalabu ya anyamata okhaokha ku ofesi sailandira ndi manja awiri, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Koma kulemba mayina a atsikana asanu m'kaundula kuti muoneke bwino pomwe iwo sabwera n'komwe ndi bodza limene limaululika tsiku loyamba alendo akabwera. Mtsikana sakhala pakhomo chifukwa sakonda masewero. Amakhala chifukwa madzi akumudikira, nkhuni zikumudikira, ndipo amayi ake akuopa kuti pochoka ku galaundi kudzakhala kutada. Ndiye pitani kwa makolowo. Ine ndimayenda ndi mayi mmodzi wa gulu la amayi a pa sukulu, amene ndi matironi wathu, ndipo timalonjeza zinthu ziwiri zokha: masewero amatha dzuwa lisanalowe, ndipo matironi sachoka pa bwalo mpaka mtsikana womaliza atanyamuka. Lonjezo limeneli musaliphwanye ngakhale gemu itakoma bwanji. Mpira wa ntchemberembaye ukhale ndi tsiku lake ndi ndalama yake, osati kudikira kuti anyamata akagula jezi chotsala ndiye chipite kwa atsikana. Ndipo ngati alipo ofuna kumenya wamiyendo, asiyeni amenye. Tabitha ndi Temwa Chawinga anayambira pa mabwalo afumbi ngati athu omwewa.

Gulu likakhazikika kwa miyezi ingapo, itanani msonkhano wosankha atsogoleri. Dziwitsani anyakwawa, ndipo ngati angathe abwere okha kapena atume nduna. Musankhe wapampando, wachiwiri wake, mlembi, msungichuma ndi mamembala a komiti ochepa. Mwa maudindo akuluakulu, awiri akhale a atsikana. Kaputeni wa timu asangokhala wapampando chifukwa amagoletsa. Kugoletsa ndi kuyendetsa msonkhano ndi mphatso zosiyana. Ndondomeko ya boma ya achinyamata imati wachinyamata ndi munthu wa zaka 10 mpaka 35, choncho ife opitirira pamenepo malo athu ndi a upatironi basi. Timalangiza, sitiponya voti, ndipo ndalama sitigwira.

Lembani malamulo a gulu. Asakhale aatali, masamba awiri kapena atatu akwana, ndipo alembedwe m'Chichewa kuti aliyense awamve. Munene dzina la kalabu, mudzi, gulupu ndi mfumu yaikulu ya dera lanu, cholinga chanu, momwe munthu amalowera, ndalama yosonkha, nthawi yomwe atsogoleri amakhala pa mpando, ndi chilango cha wobwera ataledzera kapena woyambitsa ndewu. Ndime imene ambiri amaiwala ndi yonena za katundu: mpira, jezi ndi ng'oma ndi za kalabu, ndipo wotuluka satenga kanthu. Popanda ndime imeneyi, tsiku limene wapampando wagonja pa chisankho mpira umapita naye kwawo.

Gulani mahadikava awiri. Limodzi la mlembi, lolembamo mayina a obwera ndi zomwe mwagwirizana pa msonkhano uliwonse. Lina la msungichuma. Ndalama yosonkha ikhale yochepa, yofanana ndi mtengo wa chinanazi chimodzi pa msika, kuti mwana wa sukulu asalephere, koma izilembedwa ndi kuwerengedwa pamaso pa onse mwezi uliwonse. Mabuku awiriwa musawatenge mopepuka. Munthu wa ku ofesi kapena wa bungwe akabwera, sakhulupirira zoyankhula zanu, amatsegula buku n'kuona ngati munakumanadi mu Juni ndi mu Julayi. Aliyense amene wakwanitsa zaka 16 akhale ndi chiphaso cha unzika cha NRB, bungwe la boma lolembetsa nzika, chifukwa mafomu ambiri a boma amafuna nambala yake.

Tsopano mutha kupita ku boma. Mutenge malamulo aja, mndandanda wa mamembala wokhala ndi zaka zawo, zokambirana za msonkhano wa chisankho, ndi kalata ya amfumu yodinda. Ku khonsolo funsani ofesi ya achinyamata. Kumeneko kuli mkulu woona za achinyamata m'boma, ndipo ndiye amasunga kaundula wa makalabu. Apite awiri, mnyamata ndi mtsikana, ndipo akafotokoze okha; patironi akhale kumbuyo. Mukawapeza a ofesi atatuluka, musakhumudwe, nthawi zambiri amakhala ku midzi. Tengani nambala ya foni, mupangane tsiku. Mukalembetsa, funsani kuti netiweki ya achinyamata ya kwa mfumu yaikulu yanu imakumana liti, ndipo muyambe kutumiza nthumwi. Uthenga wa maphunziro, mipikisano ndi mwambo wa tsiku la achinyamata la pa 12 Ogasiti umadutsa mu netiweki imeneyi. Kalabu imene sipita ku misonkhanoyi imamva zinthu zitatha.

Palinso bungwe la National Youth Council of Malawi, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1996 ndipo limalembetsa mabungwe a achinyamata m'dziko lonse. Uko musathamangire. Yambani mwakhwima pa boma, a ofesi ya achinyamata adzakuuzani nthawi yake ikakwana.

Chimene achinyamata ambiri sadziwa n'chakuti chitukuko cha khonsolo chimayambira m'mudzi mwawo momwemo. Kwa gulupu aliyense kuli komiti ya chitukuko cha m'mudzi yotchedwa VDC, kwa mfumu yaikulu kuli komiti ya chitukuko cha dera yotchedwa ADC, ndipo m'makomiti amenewa mumayenera kukhala woimira achinyamata. Funsani kuti woimira wanu ndani. Mudzadabwa kupeza kuti m'madera ena ndi munthu wa imvi amene anasankhidwa kalekale. Chisankho cha VDC chikadzafika, kalabu yonse ipite ikaimike munthu wake. Zofuna zanu, kaya ndi kusalaza bwalo, magolo achitsulo kapena kanyumba kokumaniramo, zilowe m'mapulani a mudzi kudzera kumeneko, kenako zikwere ku ADC mpaka ku khonsolo, komwe kumakambidwa ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, ndi zina zachitukuko. Chaka cha boma cha ndalama tsopano chimayamba pa 1 Epulo, ndiye pempho lofika mu Meyi lachedwa. Likankheni chaka chisanathe, ndipo akhansala alandire kope lawo m'manja. Pemphani chinthu chimodzi chooneka, chokhala ndi mtengo wake wolembedwa ndi mmisiri. Kalata yongoti "tikupempha thandizo" palibe amene amaiyankha.

Pa mapologalamu onse a boma, amene ine ndimawaika patsogolo ndi a ntchito zamanja. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, ndilo limayang'anira maphunzirowa: ukalipentala, zomangamanga, kuwotcherera, utelala, zamagetsi, zamipope, kukonza njinga zamoto ndi zina. Makoleji akuluakulu ngati Soche ku Limbe ndi Nasawa ku Zomba amafuna MSCE. Kuyambira 2015 boma linatsegulanso makoleji a m'madera, ndipo oyandikana nafe ndi monga Milonga ku Thyolo ndi Naminjiwa ku Phalombe. Palinso maphunziro aafupi a miyezi yochepa amene amalandira ngakhale amene sanafike Folomu 4. Vuto si kusowa kwa mwayi kokha ayi, koma kuti chilengezo chimatuluka mu nyuzipepala ndi pa intaneti, ndipo mwana wa kumudzi amachiona tsiku lotsekera litadutsa. Ndiye sankhani munthu mmodzi wokhala ndi foni yaikulu, kalabu izimugulira bandulo, ntchito yake ikhale kuyang'ana tsamba la TEVETA pa Facebook, kumvera wailesi ndi kuona bolodi la zidziwitso ku khonsolo. Mafomu akatuluka, tsiku limenelo mpira uyambe mochedwa, mudzaze limodzi pa bwalo pomwepo. Mafotokope a satifiketi ndi chiphaso azikhala okonzeka kale mu envelopu kwa mlembi. Atsikana alimbikitseni kusankha zamagetsi ndi kuwotcherera, asamangothamangira utelala onse. Njinga zamoto za kabaza zadzaza msewu wonse kuchokera ku Luchenza mpaka ku Muloza, ndipo zonsezo zimafuna wozikonza.

Ngongole ndi nkhani ina, ndipo apa ndimayankhula mosamala. Thumba la boma lobwereketsa ndalama lakhala likusintha mayina, ena amakumbukira MARDEF ndi YEDEF, ena MEDF, ena NEEF, koma mfundo yake sinasinthe: ndi ngongole, ili ndi chiwongoladzanja, ndipo mukatenga ngati gulu, mmodzi akathawa otsala mumamulipirira. Ndaona magulu okondana atasiya kupatsana moni chifukwa cha zimenezi. Malangizo anga ndi akuti kalabu yonse isatenge ngongole. Yambani ndi banki m'khonde pakati pa mamembala a zaka 18 kupita m'tsogolo, muzigula masheya pakutha pa masewero. Pakatha chaka mudzakhala mutadziwa amene amabweza pa nthawi yake ndi amene amazimitsa foni. Obweza bwinowo, amene ali kale ndi kabizinesi kooneka, kaya kooda chinanazi kupita nacho ku Limbe, kaya kogula nandolo, kaya nazale ya mbande, ndiwo apange kagulu kawo n'kukafunsira ngongole. Afunse chiwongoladzanja chonse, tsiku loyamba kubweza ndi chikole asanasaine. Munthu aliyense wobwera m'mudzi kumatolera ndalama kuti "akufulumizitsireni fomu" mukanene kwa amfumu ndi ku polisi. Ndipo musaimitse zanu podikira ndalama ya boma; akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Amene mtima wawo uli pa ulimi akaonane ndi alangizi a zaulimi a dera lanu, chifukwa thandizo lalikulu ngati la AGCOM, pologalamu ya boma yotukula ulimi wa malonda, limapita ku makopaletivu olembetsedwa, ndipo njira yake amaidziwa ndi iwo.

Mapepala akayamba kuyenda, pali ngozi imodzi imene ndimaiopa kuposa zonse: kalabu imasanduka ya misonkhano yokhayokha. Atsogoleri amayamba kuyenda ndi mafayilo, kudikira maphunziro a alawansi, mpira n'kuphwa osaupopa. Pakatha miyezi itatu mumatsala anthu asanu ndi mmodzi. Achinyamata anabwera chifukwa cha chisangalalo, ndipo chikatha amabwerera ku vidiyo sho, ku pulu, kokabetcha mpira wa ku England pa foni, kapena ku midoli. Ine sindinyoza vidiyo sho, nanenso Bullets ikamasewera ndi Wanderers ndimafuna ndione. Koma kubetcha kwadya ndalama ya fizi ya ana ambiri kuno, ndipo kulalikira sikuthetsa. Chimene chimathandiza ndi kukhala ndi kwina kopita Lamulungu masana. Choncho lamulo lathu ndi lakuti msonkhano usapitirire theka la ola, ndipo uzichitika masewero atatha, anthu atakhala pansi kupuma.

Komanso musadalire mpira wokha, poti si onse amautha. Ife a ku Mulanje tili ndi phiri limene alendo amawolokera nyanja kudzaliona, ndipo mu 2025 UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, koma ana ambiri obadwira m'tsinde mwake sanafikepo ngakhale pa Chambe, limodzi mwa malo a pamwamba pa phirili. Konzani ulendo nyengo yopanda mvula. Yambirani ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, mulembetse, ndipo mutenge wolondolera njira wodziwika. Mwina ndi mchimwene wa mmodzi wa inu, mukhoza kukambirana mtengo. Ulendo woyamba ukhale wa ku Dziwe la Nkhalamba, koma osadziwa kusambira asalowe pakati, madzi ake ndi ozizira ndi akuya ndipo anthu amirapo. Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, pa mamita 3,002, si wa ulendo woyamba, ndipo nkhungu ikatsika musakakamire. Amene ali ndi mpweya wothamanga akonzekere mpikisano wa Porters Race, umene umachitika pachaka, kuyambira ku Likhubula kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso. Mukakhala kumtunda muwaonetse ana zitsa za mkungudza, aone okha chimene chatha. Pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, palibe wachinyamata kuno amene amafunika kumuuza kawiri za kufunika kwa mitengo m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje. Nazale ya kalabu ndi ntchito yopepuka, ndipo imakutsegulirani khomo ku ofesi ya zankhalango ndi ku Mulanje Mountain Conservation Trust, bungwe loteteza zachilengedwe za m'phirili.

Magule nawonso musawasiye. Tchopa analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2014, koma ovina bwino ambiri ndi agogo. Apempheni aziphunzitsa tsiku limodzi pa mwezi, mwaulemu wake, mutawatengera kashuga. Kalabu yodziwa kuvina imaitanidwa ku zochitika za sukulu, za khonsolo, ndipo mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ukamachitika kwa Chonde ana amakhala ndi choyembekezera. A zisudzo nawo apatseni mphindi khumi pa hafu taimu, anthu amamvera sewero kuposa mawu a mlendo wolemekezeka.

Za umoyo ndinene mwachidule. M'zipatala zambiri muli gawo la achinyamata, komwe munthu amayezetsa magazi ndi kufunsa za kulera popanda kuima pa mzere umodzi ndi azakhali ake. Pemphani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu abwere ku bwalo nthawi ndi nthawi. Mamembala onse adziwe kuti lamulo la dziko lino sililola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere yonenera nkhanza zochitikira ana. Kochi kapena patironi wofunsira ana a timu achotsedwe tsiku lomwelo, ndipo nkhaniyo ikafike koyenera, isathere pa bwalo.

Nyengo ya kampeni ikayandikira mudzaona mabonanza. Andale adzabwera ndi mipira, jezi ndi chikho. Sewerani, landirani mpirawo, thokozani mwaulemu, koma kalabu isavale nsalu ya chipani ndipo atsogoleri asakwere pa nsanja m'dzina la kalabu. M'gulu mwanu muli ana a mabanja a zipani zosiyana, ndipo ofesi ya achinyamata imagwira ntchito ndi boma lililonse lomwe labwera. Mphoto ya ndalama ilowe m'buku la msungichuma tsiku lomwelo anthu akuona, isagawidwe ku malo omwera.

Pakatha miyezi itatu iliyonse mlembi alembe lipoti la tsamba limodzi: mwasewera magemu angati, mwadzala mitengo ingati, ndani wapita ku sukulu ya ntchito zamanja, m'thumba muli zingati. Kope limodzi lipite ku ofesi ya achinyamata, lina kwa anyakwawa, lina likhale mu fayilo. A ku ofesi akafunsidwa mwadzidzidzi kuti apereke mayina a makalabu asanu ochita bwino, amatchula amene malipoti awo ali pa tebulo. Yambitsaninso timu ya ana osakwana zaka 14 chaka choyamba chomwe, iziphunzitsidwa ndi osewera akuluakulu mosinthana. Kuno anyamata amachoka, wina ku Blantyre, wina ku Mozambique, wina ku Joni, ndipo atsikana amakwatiwa kapena kupita ku sukulu. Chisankho chizichitika pa nthawi imene malamulo anu ananena ngakhale wapampando akhale wabwino chotani, ndipo wotuluka apereke mahadikava, fayilo ndi mipira pamaso pa anyakwawa, katundu yense atawerengedwa ndi kusainidwa.